Kasitomala wanga wa AI akufewa msanga, ndithandizeni kukonza seweroli

Nachisale:
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi nkhani imene yandizunguza mutu, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munadutsamo kale. Ntchito yanga ndi yophunzitsa achinyamata amene amayankha mafoni a makasitomala. Kale tinkapanga sewero tokhatokha, wina n'kukhala kasitomala wokwiya, wina woyankha. Koma kukalipira mnzako amene umakhala naye desiki imodzi n'kovuta. Amachita manyazi, pakati pa sewero n'kuphulika kuseka, zonse n'kuthera pomwepo.

Ndiye mwezi watha ndinati ndiyese AI, chida cha pakompyuta chotha kucheza ngati munthu, ikhale kasitomalayo. Ndinailembera kuti: ndiwe mayi amene wadulidwa ndalama kawiri pa bilu imodzi, waimba kale katatu osathandizidwa, lero zakukwana. Poyamba inalankhuladi ngati munthu wotopa. Koma mtsikana wanga atangolemba kuti "pepani kwambiri mayi", mayiyo anafewa pompo. Anathokoza, anati wamvetsa, mpaka kumufunira tsiku labwino. Mphindi ziwiri sizinakwane. Mtsikanayo anadzuka pa kompyuta akumwetulira. Patatha masiku atatu anakumana ndi kasitomala weniweni amene mawu oti pepani anangomukolezera moto, ndipo mwanayo anangoti kakasi, mawu osatuluka. Zinandipweteka mtima, chifukwa sewero langa ndi limene linamuuza kuti ntchitoyi ndi yophweka. Ndikuphonya pati?

Tiyamike:
Achemwali, vuto limeneli si lanu nokha, ndi mmene zidazi zinapangidwira. ChatGPT, Claude, Gemini ndi zinzake, zitatha kuphunzira kuchokera ku zolembedwa zambirimbiri, zimaphunzitsidwanso ndi anthu amene amasankha yankho labwino pakati pa mayankho angapo. Anthu amakonda yankho laulemu, lothandiza, losatsutsa. Mapeto ake chidacho chimakhala ndi chizolowezi chofuna kukondweretsa amene chikulankhula naye. Mukachiuza kuti chikhale chokwiya chimakwiyadi, koma mpata woyamba woti chiyanjane chimaulumphira.

Ndiye mawu oti "wakwiya" paokha ndi osakwanira. Mu system prompt, kutanthauza malangizo amene mumalembera chidacho sewero lisanayambe, lembani chimene chingamukhazike mtima pansi ndiponso chimene sichingamukhazike. Mwachitsanzo: kupepesa kokha sikukukhudza, unamva kale katatu. Ukamva pepani wopanda chochita pambuyo pake, unene kuti enanso ananena zomwezo. Uyambe kufewa pokhapokha woyankhayo akabwereza vuto lako molondola m'mawu ake, akakuuza tsiku limene ndalama ibwerere, komanso akakupatsa nambala ya dandaulo lako. Zikapezeka ziwiri zokha, uchepetse mawu koma usathokoze.

A Mbewe:
Mayi Nachisale, ine ndimaphunzitsa anamwino, ndipo zimene mukuchitazi kwathu ku zachipatala n'zakale ndithu, kungoti wosewerayo ankakhala munthu. Dokotala wa za ubongo ndi mitsempha, Howard Barrows, ndi amene anayamba mu 1963 ku University of Southern California kuphunzitsa munthu wabwinobwino kuti azisewera ngati wodwala, kuti wophunzira aliyense akumane ndi matenda omwewo ndi mayankho omwewo. Kenako mu 1975 Ronald Harden ku Dundee, ku Scotland, analongosola mayeso aja timati OSCE, amene wophunzira amazungulira m'zipinda, chilichonse ndi ntchito yake.

Chimene ndaphunzira pa zaka zimene ndakhala ndikulemba masewero otere n'chakuti mtima wa sewero ndi chimene wosewerayo akubisa. Pepala langa limakhala ndi magawo atatu. Loyamba, zimene wodwala anene yekha asanafunsidwe. Lachiwiri, zimene anene akafunsidwa funso loyenera. Lachitatu, zimene anene pokhapokha akaona kuti namwinoyu samuweruza.

Ndikupatseni limodzi limene ndimaligwiritsa ntchito chaka ndi chaka. Bambo wa zaka 52 wabwera akudandaula mutu. Ndi zokhazo zimene anene. Ukamufunsa za mankhwala, avomera kuti anapatsidwa a BP. Ukafunsa kuti "mukumwa?" ayankha kuti eya, maso ali pansi. Koma ukafunsa modekha kuti "anthu ambiri zimawavuta kumwa tsiku lililonse, inu zikukuyenderani bwanji?" apuma kaye, kenako n'kuulula kuti anasiya miyezi iwiri yapitayo chifukwa akuganiza kuti mankhwalawo akumufooketsa m'banja. Wophunzira wothamanga amalemba mankhwala a mutu n'kumutulutsa. Paja safunsa anadya phula. Kasitomala wanuyo alinso ndi chake chobisika, muganizireni. Mwina ndalama imene yadulidwayo inali ya chinthu china chofunika mawa lomwelo, ndipo chimene chikumuwawa si bilu ayi, ndi mantha.

Nachisale:
A Mbewe, mwandifika pamtima. N'zoonadi, amene amakalipa kwambiri pa foni nthawi zambiri ndi amene ali ndi mantha. Koma ndinayesapo kuika chinsinsi mu prompt, ndipo AI inachiulula pa chiganizo chachiwiri, munthu asanafunse n'komwe.

Tiyamike:
Eya, zimatero. Chilichonse chimene chili mu prompt chidacho chimachiona ngati chinthu chofunika kunenedwa. Njira zilipo ziwiri. Yophweka ndi kulemba mosabisa mawu kuti: ichi usanene, ngakhale mokuluwika, kufikira woyankha atafunsa mmene vutoli lakukhudzira. Muonjezere chitsanzo cha funso limene litsegule ndi chitsanzo cha limene lisatsegule. Imathandiza, koma nthawi zina imaphonyabe.

Yodalirika ndi kusachipatsa chinsinsicho poyamba. Mugawe sewero m'magawo. Gawo loyamba chidacho chikudziwa za bilu yokha. Pulogalamu yanu, kapena inuyo mutakhala pambali, mukaona kuti wophunzira wafunsa funso loyenera, m'pamene mumalowetsa malangizo a gawo lachiwiri. Chimene sichikudziwa sichingaulule. Izi zimafuna kulemba kapulogalamu kakang'ono kolumikiza ku API, khomo limene mapulogalamu ena amalankhulirana ndi chidacho, koma si ntchito ya mwezi.

Mayi Nankhoma:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinaphunzitsa aphunzitsi mpaka kupuma pantchito, ndipo sewero ndinaligwiritsa ntchito kwambiri, makamaka pophunzitsa mmene ungalankhulire ndi kholo limene labwera litapsa mtima. Sindikutsutsa zimene mukuchita, koma pali chimene chikundidetsa nkhawa.

Mu 1966 Joseph Weizenbaum wa ku yunivesite ya MIT ku America anafotokoza za pulogalamu yake yotchedwa ELIZA. Inali yosavuta, inkangotenga mawu ako n'kuwabweza ngati funso, monga amachitira alangizi ena a za maganizo. Koma anthu anayamba kuiuza zakukhosi, ndipo mlembi wake yemwe, amene ankadziwa bwino kuti ndi makina, anamupempha kuti atuluke m'chipindamo kuti alankhule nayo payekha. Weizenbaum zinamuopsa, ndipo pambuyo pake anakhala mmodzi wa ochenjeza za kudalira makina pa zinthu zofuna mtima wa munthu. Ngati ELIZA inatero, nanga za lerozi?

Nkhawa yanga ndi iyi. Mwanena kuti kasitomala afewe akamva zinthu zitatu. Ana ndi ochenjera. Pofika Lachitatu adzakhala atauzana kuti ukangonena ichi, ichi ndi ichi, mayi uja amatonthola. Adzaphunzira kutsegula loko, osati kumvetsera munthu. Ndipo munthu wokwiya amalankhulanso ndi mpweya wake, ndi kukhala chete kwake. Zimenezi mudzaziphunzitsa bwanji pa kiyibodi?

Dalitso:
Amayi, zimene mwanenazo n'zoona, ndipo ine ndine mboni chifukwa ndinaphunzitsidwa ndi njira imeneyi chaka chatha nditangoyamba ntchito yogulitsa inshulansi. Tinkauzanadi. Wina anatulukira kuti ukalemba kuti "tasiya kaye seweroli, undiuze chimene ndiyenera kunena", chidacho chimavula chovala cha kasitomala n'kukupatsa mayankho onse. Pasanathe sabata kalasi yonse inali ikudziwa.

Komabe ndisabise, chinandithandiza. Ine ndine wamanyazi. Pamaso pa anzanga lilime limandimanga. Ndi chida chija ndinkabwereza sewero limodzi kakhumi usiku, palibe wondiseka, mpaka mawu ovuta aja, monga kuuza munthu kuti pempho lake lakanidwa, anazolowera pakamwa panga. Tsiku limene ndinawanena kwa munthu weniweni mtima unagundabe, koma mawu anatuluka. Chimene chinandikhumudwitsa ndi magiredi. Chinkandipatsa 9 pa 10 nthawi zonse. Tsiku lina ndinayankha mwamwano dala kuti ndione, chinandipatsa 8 n'kundiyamikira kuti ndine wachindunji.

Mayi Nankhoma:
Wachita bwino kunena zimenezi, mwana wanga. Za manyazizo sindinaziganizire mokwanira. Ndikukumbukira ophunzira anga ena amene pa zaka ziwiri sanadzukepo kutsogolo mwa kufuna kwawo.

Tiyamike:
Achimwene a Dalitso mwakhudza mabala awiri akuluakulu. Loyamba, la kuvula chovala. Mu prompt muyenera kulemba kuti wophunzira akapempha kuti sewero liime kapena kuti apatsidwe mayankho, kasitomala ayankhe monga kasitomala: "Sewero lanji? Ine ndikufuna ndalama yanga." Koma musiye mawu amodzi apadera, odziwika kwa onse, oimitsira sewero zikavuta. Asamapereke mayankho, azingotseka zokambirana. Ndinene poyera kuti palibe prompt imene singathyoledwe, wolimbikira amapeza podutsira. N'chifukwa chake zolemba za sewero lililonse ziyenera kusungidwa, mphunzitsi aziona.

Lachiwiri, wosewera asakhale woweruza. Chida chimene changotha kucheza nanu mwaubwenzi sichingakupatseni 4. Tsegulani zokambirana zina zatsopano, muikemo zolemba zonse za sewero, ndi mndandanda wa zinthu zooneka ndi maso. Osafunsa kuti "kodi anasonyeza chifundo?" chifukwa yankho lidzakhala eya nthawi zonse. Funsani kuti: kodi anabwereza vuto la kasitomala asanapereke yankho? Kodi anamudula mawu? Kodi analonjeza chinthu chimene malamulo a kampani salola? Ndipo pa yankho lililonse chilembe mawu enieni amene wophunzirayo ananena. Chikalephera kuwapeza, ndiye kuti sanachite. Ngakhale zitero, mphunzitsi aziwerenga yekha zina mwa izo, chifukwa zidazi zimatha kupeka mawu amene munthu sananene.

A Mbewe:
Ndibwerere ku funso la Mayi Nankhoma, chifukwa ndi lolemera ndipo silinayankhidwe. Loko uja amaphunziridwadi. Ngakhale ndi osewera aumunthu, ophunzira a m'mawa amauza a masana. Mankhwala ake ndi awiri. Sewero limodzi likhale ndi anthu angapo: vuto lomwelo, koma lero ndi bambo wolankhula pang'ono, mawa ndi mayi wolongolola amene amasochera m'nkhani zina, mkuja ndi munthu waulemu kwambiri amene akungovomera chilichonse pomwe sanamve kanthu. Wachitatuyu ndi amene amagwetsa ambiri. Apa AI ikutiposa, chifukwa kusintha munthu ndi nkhani ya mizere ingapo, pomwe wosewera waumunthu amafuna masiku kuti azolowere gawo latsopano.

Koma mankhwala enieni ndi kukhala pansi sewero likatha. Ine nthawi yokambirana ndimaipatsa yofanana ndi ya sewero, kawirikawiri yoposa. Ndimayamba ndi kufunsa kuti wamva bwanji, chifukwa munthu amene mtima ukadali m'mwamba samva malangizo. Kenako ndimaloza malo amodzi: apa bambo uja anati eya n'kukhala chete, iwe unapitirira ku funso lina, unkaganiza chiyani? Sindifunsa kuti ndimugwire. Ndimafuna kudziwa zimene zinali m'mutu mwake. Nthawi zambiri amayankha kuti anaona kuti pali china chake koma anaopa kufunsa. Ndiye phunziro la tsikulo limakhala la mantha amenewo, osati la BP.

Oyendetsa ndege anazindikira izi kalekale. Makina oyeserera kuuluka a Edwin Link a mu 1929, amene anaphunzitsa oyendetsa ndege ochuluka pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anadzakhala ndi desiki ya mlangizi pambali pake, ndi kachipangizo kojambula pa mapu njira imene wophunzira wadutsa. Akatuluka m'bokosimo ankayang'ana mzerewo limodzi. Zolemba za sewero lanu ndi mzere umenewo. Mukangopatsa ana link yolowera m'seweroli n'kuwasiya okha, mwagula bokosi koma desiki mwaisiya.

Chifundo:
Pepani ndalowa mochedwa. Ine ndimagwira ntchito yoona za antchito, ndiye diso langa lagwera pa mawu a Tiyamike oti zolemba zizisungidwa. Zisungidwe, koma ophunzira auzidwe tsiku loyamba kuti aziwerenga ndani ndiponso zigwira ntchito yanji. Kumene ndinkagwira kale, bwana wina anatenga zolemba za masewero n'kuzibweretsa pa msonkhano wokambirana zokweza anthu pantchito. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene anayesanso chinthu chatsopano m'sewero. Aliyense ankangonena mawu otetezeka. Malo oyeserera akasanduka bwalo la milandu, palibe amene amalolanso kulakwitsa, ndipo kuphunzira kumathera pomwepo.

Chinanso, musatenge madandaulo enieni a makasitomala, ndi mayina ndi manambala awo, n'kuwamata mu chida kuti sewero likhale lenileni. Zimenezo zikupita pa makompyuta a kampani ina. Tengani mtundu wa vutolo, munthuyo mumupeke.

Nachisale:
Achimwene a Chifundo, zikomo, chachiwiricho ndinatsala pang'ono kuchita sabata ino. Ndili ndi funso lina kwa Tiyamike. Makasitomala athu ambiri amalankhula Chichewa, ena amasakaniza ndi Chingerezi. Ndikaiuza AI kuti isewere m'Chichewa, imayamba bwino, kenako imathawira ku Chingerezi, kapena imalankhula Chichewa chouma ngati chikalata cha ku ofesi. Tsiku lina gogo wa m'sewero anauza woyankha kuti "ndikuyamikira thandizo lanu pa nkhani imeneyi". Gogo wokwiya salankhula choncho.

Tiyamike:
Pamenepo tilipo tonse. Zidazi zinaphunzira kwambiri Chingerezi chifukwa ndicho chadzaza intaneti, Chichewa chinalowamo chochepa, ndipo chochepacho chambiri ndi cha m'mabuku ndi zomasuliridwa. Chimene chandithandiza ine ndi kulemba ndekha ziganizo 10 kapena 15 za mmene munthuyo amalankhulira, n'kuziika mu prompt. "Iyayi, musandiuze zimenezo." "Ndiye ndipange bwanji ineyo?" "Aliyense akungonditumiza kwa wina." Chikaona zitsanzo chimatsatira kamvekedwe kake kusiyana ndi kungochiuza kuti lankhula mwachibadwa. Mulembenso kuti mayankho akhale afupi, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, chifukwa munthu wokwiya salemba ndime. Muonetsetsenso nkhani ya iwe ndi inu, imasokoneza, ndipo muzilemba momveka amene akuyenera kunena chiyani kwa ndani.

Sewero likatalika kwambiri munthu uja amayamba kusuluka, n'kubwerera ku khalidwe lake lothandiza. Ndi bwino masewero afupiafupi angapo kusiyana ndi limodzi la ola lathunthu. Ndipo musanapatse ophunzira, khalani inuyo woyankha woipa kokwana ka 20. Mudule mawu, munamize, mupepese kopanda kanthu, muone ngati kasitomala wanu akugwirabe.

Za mawu apakamwa, pa Chingerezi zikutheka bwino, koma pa Chichewa zimene ndayesa ine zimaphonya mawu ambiri, ndiye pakadali pano ndimakhalabe pa zolemba.

Mayi Nankhoma:
Ndiye ngati ndi zolemba, mpweya ndi chete uja ndimanena ukusowabe. Ine ndikanati AI ikhale poyambira, mwana azolowere mawu, koma asanakhale pa foni yeniyeni adutsenso kwa munthu wamoyo kamodzi kapena kawiri. Osati mnzake wa desiki imodzi. Wina wa ku dipatimenti ina amene sakumudziwa, alankhulane pa foni ali m'zipinda zosiyana.

A Mbewe:
Ndikugwirizana nanu, amayi. Ndionjezere chenjezo limodzi kwa amene mukufuna kupanga masewero olemera. Timaphunzitsa kuuza munthu uthenga woipa potsata ndondomeko yotchedwa SPIKES, imene inasindikizidwa mu 2000, ndipo mbali ina ya ndondomekoyi ndi kulola munthu kumva ululu wake osamuthamangitsa. Chaka china ndinapatsa wophunzira sewero louza mayi kuti mwana wake wamwalira, osadziwa kuti iye anali atataya mng'ono wake miyezi yochepa m'mbuyomo. Anafika pakati n'kuyamba kunjenjemera manja. Ndinali pomwepo, ndinaimitsa, tinatuluka panja. Chikhala kuti anali yekha usiku ndi foni, ndani akanaona manja amenewo? Masewero a imfa, nkhanza kapena kudzipha asachitike popanda mphunzitsi pafupi, ndipo wophunzira auzidwiretu mutu wake kuti athe kunena ngati sangakwanitse tsiku limenelo.

Nachisale:
Ndabweranso patatha masiku asanu ndi anayi kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndinalembanso zonse. Mayi uja tsopano ali ndi chobisika chake: ndalama imene inadulidwayo inali yoti alipirire mayeso a mwana wake, ndipo tsiku lomaliza ndi mawa. Sanena pokhapokha utamufunsa mmene zamukhudzira. Ndapanganso anthu ena awiri a vuto lomwelo monga ananenera a Mbewe, ndipo waulemu wongovomera uja wagwetsadi anthu asanu mwa asanu ndi awiri.

Mtsikana uja ndinamuyambitsa ndi mayi wokwiyayo. Anapepesa, mayiyo anati enanso ananena zomwezo. Ndinamuona akuchotsa manja pa kiyibodi, n'kuwaika pamiyendo. Anakhala choncho mwina theka la mphindi. Kenako analemba kuti, "Mayi, ndiuzeni, ndalamayi munaikonzera chiyani?" Titakhala pansi pambuyo pake ndinamufunsa chimene ankaganiza nthawi imene anakhala chete ija. Anati anakumbukira kasitomala weniweni uja, ndipo anazindikira kuti tsiku lija sanamufunse funso ngakhale limodzi.

Vuto latsopano ndi lakuti nthawi zina mayiyo sakufewa ngakhale wophunzira atachita zonse zitatu. Dzulo mnyamata wina anachita bwino kwambiri koma anakalipiridwa mpaka kumapeto, ndipo anatuluka atagwa mphwayi.

Tiyamike:
Mwina mawu oletsa kufewa achuluka mphamvu kuposa olola. Tumizani prompt yonse pano, mutachotsa dzina la kampani, ndi zolemba za mnyamatayo ngati iye walola. Ndiziona madzulo ano.

A Mbewe:
Mukonze ndithu, koma limodzi mulisunge mmene lililimo, la kasitomala amene safewa zivute zitani. Aliko otero, ndipo ana ayenera kuphunzira kutseka foni mwaulemu munthu akadali wokwiya. Kungoti muziwauza pokambirana kuti ameneyu analembedwa choncho, si iwo alephera. Mnyamatayo mumuitane lero lomwe, musadikire Lolemba.

Nachisale:
Ndamuitana kale, akubwera ikatha nthawi yopuma. Tiyamike, prompt ija ndikutumiza ndikangomufunsa za zolemba zake.